Kukumba Njira za Zombo m'Nyanja: Mlandu wa Asodzi a ku Lamu

Thumba la feteleza limene mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi amatsitsa pa ngolo mwezi wa November, kawiri-kawiri limakhala litayenda ulendo wautali kopambana maulendo onse a mwini wace. Feteleza wambiri wa m'dziko lino amagulidwa kutsidya kwa nyanja, nadza pa zombo kufikira ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo kucokera kumeneko amasenzedwa pa malori ndi pa sitima za pamtunda. Zambia iribe nyanja ya mcere, komabe mtengo wa thumba limenelo umatsata zocitika pa madokowo. Combo cacikuru cikalephera kulowa pa doko, katundu amadza pa zombo zazing'ono zambiri, ndipo ndalama zonyamulira zimakwera.

Madoko sali ofanana. La Nacala liri lakuya mwa cibadwidwe cace. La Beira liri pa mathiriro a mtsinje wa Pungwe, umene umatsika ndi dothi la m'mapiri ndi la m'minda ya ku Zimbabwe ndi ku Mozambique. Madzi a mtsinje akafika pa nyanja amaleka kuthamanga, ndipo dothi limene anasenza limakhazikika pansi. Munthu ali yense amene anaonapo ngalande ya m'dimba itadzala mcenga ndi mvula ya usiku umodzi, adziwa macitidwe ace. Njira ya zombo ya ku Beira, yochedwa Macuti, imakwiririka comweco, kotero kuti boma la Mozambique liri ndi kampani yace, dzina lace EMODRAGA, ya nchito yofukula matopewo.

Masiku ano m'maiko ambiri nchito imeneyi siloledwa popanda kalata ya cilolezo ca boma, ndipo kalatayo imakhala ndi malamulo oteteza zamoyo za m'madzi. Cifukwa cace cioneka bwino pa zimene zinacitika ku Lamu, m'mbali mwa nyanja ku mpoto kwa dziko la Kenya, kumene asodzi anatengera boma lao ku bwalo la milandu napambana.

COMBO COKUMBA

Zombo zokumba ziri za mitundu ingapo, koma iwiri ndiyo igwira nchito yaikuru. Combo ca mtundu woyamba cimayenda pang'ono-pang'ono cirikukoka mipope m'nthiti mwace. Kunsonga kwa mpope uli wonse kuli mutu wacitsulo wotambalala ndi wolemera, umene umakwawa pansi pa nyanja. Makina amayamwa mcenga ndi matope pamodzi ndi madzi, nazithira m'mimba mwa combo monga cimanga m'nkhokwe. Nkhokweyo ikadzala, combo cimanka kutali pa malo osankhika, nicitsegula zitseko za kunsi kwace, ndipo katundu yense amagwera pansi. Ca mtundu waciwiri ciri ca pa malo olimba, pamene pali dongo logwirana kapena mwala. Ico cimazika mwendo wacitsulo pansi, nicizunguza mutu wa mano akuthwa woswa nthaka. Zophwanyikazo zimayamwidwa ndi kutumizidwa m'mipope yaitali, ndipo kawiri-kawiri amakwirira nazo madzi osaya kuti papezeke malo ouma omangapo doko.

Pamene mutu wacitsulo wapita, zonse zinali pamenepo zatha: udzu, nkhono, nkhanu ndi mazira a nsomba. Cionongeko cimeneci ncodziwika, ndipo malire ace angathe kulembedwa pa mapu nchito isanayambe. Cobvuta ndico matope osalala onga ufa woyera. Iwo samira msanga monga mcenga. Amayandama masiku angapo, ndipo popeza nyanja ya mcere imadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku, madzi amawatenga kunka nao uku ndi uko, mtunda wautali ndithu kucokera pa malo okumbawo. Kumene akakhazikike, palibe amene anakumbako, koma zamoyo za kumeneko zimafa cimodzi-modzi.

ZOKHALA M'MADZI OSAYA

Anthu ambiri amayesa kuti cuma ca nyanja ciri pakati-kati pace, pa madzi akuya. Si ndimo ai. Nsomba zambiri zimaswana ndi kukulira m'madzi osaya a m'mphepete, pomwepo pamene anthu afuna kumanga madoko.

Ku Lamu kuli zisumbu zingapo, monga Lamu, Manda ndi Pate, ndipo pakati pa zisumbuzo ndi mtunda pali mikwasa ya madzi abata. M'mbali mwace mwamera mitengo imene Aswahili amaicha mikoko, mitengo yokhoza kukhala m'madzi a mcere. Mikoko yoposa theka ya dziko lonse la Kenya iri m'cigawo cimeneci, ndipo kwa zaka mazana-mazana mapaso ace anali kugulitsidwa ku Arabia kuti afolere nyumba. Popeza matope amene mitengoyi imamerapo alibe mpweya, mitundu ina imaturutsa mizu yoloza kumwamba ngati zikhomo, ndipo imapuma ndi mizu imeneyo nyanja ikaphwa. Matope acilendo akakwirira zikhomozo, mtengo umauma uli ciriri. Pakati pa mizu ndipo pamabisala ana a nsomba ndi nkhanu kufikira atakula. Kudula mikoko kufanana ndi kupasula khola la ana a ng'ombe, ndi kuyembekeza kuti ng'ombe zidzaculukabe.

Kunsi kwa madziwo kuli madambo a udzu wa pansi pa nyanja. Umenewu ndi udzu weni-weni, wa mizu ndi maluwa, ndipo ufuna dzuwa monga mbeu iri yonse. Madzi akada ndi matope kwa miyezi, udzuwo umacita monga cimanga cobzalidwa pa mthunzi wa mango: umayezuka, nuonda, nufa.

Udzu umenewu ndiwo msipu wa nyama yochedwa nguva pa Ciswahili. Nguva si nsomba ai. Imapuma mpweya, imayamwitsa mwana wace, ndipo yaikuru italika mamita atatu. Imadya udzu wokha-wokha, nifukula ndi mizu yomwe, cifukwa cace ena amaicha ng'ombe ya m'nyanja. Imatenga bere loposa caka cathunthu, nibala mwana mmodzi, ndipo papita zaka zitatu kapena zoposerapo isanabalenso. Mweta wa ng'ombe angathe kuona yekha kuti gulu lobala motere silicira msanga likacepa. Ku Kenya nguva zatsala zowerengeka, ndipo gulu lalikuru lotsala ku gombe lonse la kum'mawa kwa Afrika liri ku zisumbu za Bazaruto, ku Mozambique.

Kunja kwa zisumbu kuli korali. Poyang'ana aoneka ngati mwala, koma ndi mudzi wa tizirombo tating'ono tosawerengeka, tomanga nyumba zao za njereza zina pamwamba pa zinzace. M'matupi mwao mumakhala tizomera tosaoneka ndi maso, timene timapanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Korali sathawa. Matope akamgwera amayesa kudzipukuta ndi mamina ace, koma akapitirira kugwa masiku ambiri amatopa nafa. Mitundu ina imakula msinkhu wosaposa kunenepa kwa cala pa caka cathunthu, motero cimene cafa m'mwezi umodzi cingafune zaka makumi ambiri kuti cibwerere.

Alikonso afulu a m'nyanja, abale ace a nkhasi za m'mitsinje, koma akuru-akuru ndi okhala ndi zopalasira m'malo mwa miyendo. Mitundu isanu imapezeka m'madzi a Kenya, ndipo itatu imaikira mazira pa mcenga wa m'magombe a dzikolo. Lamulo la nyama la Kenya la 2013 liletsa kuwapha.

MACITIDWE A CILOLEZO

Kenya inapanga lamulo losunga cilengedwe mu 1999, ndipo mwa lamulolo munabadwa bungwe la boma lochedwa NEMA, limene lipereka zilolezo. M'Zambia nchito yonga imeneyi iri m'manja mwa ZEMA, mwa lamulo la 2011, ndipo wofuna kutsegula mgodi kapena kumanga damu lalikuru ayenera kupita kumeneko.

Njira yace iri yotere. Mwini nchito, angakhale ndi boma lomwe, alemba akatswiri obvomerezeka kuti apime malowo nchito isanayambe. Iwo amira pansi kukaona zomera ndi nyama, ayesa mayendedwe a madzi kuti adziwe kumene matope adzalowera, natapa matope ena kukawapima. Kupima kumeneku nkofunika pa madoko akale, pakuti matope ace amakhala osanganizika ndi mafuta, zitsulo zakupha ndi utoto wa mankhwala umene unali kupakidwa kunsi kwa zombo. Matope otere akabvundulidwa, ululu umene unagona pansi zaka zambiri umalowa m'nsomba. Pangano la maiko la ku London la 1972, ndi lina lolikhwimitsa la 1996, anaika kuti zokumbidwa zisatayidwe m'nyanja popanda cilolezo.

Akatswiriwo alemba lipoti lonena zimene zidzaonongeka, ndi njira zocepetsera cionongekoco. Koma lipoti lokha silikwanira. Malamulo a Kenya a 2003 anaika kuti anthu a pa malopo auzidwe m'manyuzipepala ndi pa wailesi, m'cinenero cao comwe, ndi kuti pacitike misonkhano yosacepera itatu yakumva maganizo ao. Zitatha izi NEMA ingakane, kapena ingapereke cilolezo cokhala ndi malamulo ace. Wosakhutira ali ndi bwalo lapadera la milandu ya cilengedwe lokadandaulako.

Pa njira imeneyi pali cilema cimodzi cosabisika. Amene alipira akatswiri ndiye mwini nchito yemweyo, wofuna kuti cilolezo cituruke msanga. Akatswiri ambiri ali okhulupirika, komabe nkobvuta kuti munthu alembe mau owawa za amene amdyetsa. Misonkhano ya anthu inaikidwa cifukwa ca ici. Msodzi amene wakhala zaka makumi anai pa mkwasa umodzi adziwa pamene nsomba ziswana, ndi mwezi wace, kopambana mlendo wodza ndi zipangizo kwa masabata awiri.

ZIMENE AFULU ANAPHUNZITSA ANTHU KU AMERIKA

Malamulo olembedwa m'zilolezo za masiku ano sanagwe kumwamba. Ambiri anaphunziridwa pa zolakwa, makamaka ku United States, kumene njira za zombo ziri zambiri ndipo zikumbidwa caka ndi caka ndi nthambi ya mainjiniya a asilikari, yochedwa Army Corps of Engineers.

Mu 1980, pokumba njira ya doko la Canaveral m'cigawo ca Florida, anapeza kuti afulu 71 anayamwidwa ndi makina m'miyezi yowerengeka. Kunaoneka kuti afulu amakonda kugona pansi m'njira zokumbidwazo, nadzikwirira pang'ono m'matope, ndipo mutu wacitsulo umawapeza ali m'tulo. Imfa ya fulu wamkuru iri yolemera. Wamkazi amaikira mazira ngati 100 pa dzenje limodzi, koma ana ambiri amadyedwa ndi mbalame, nkhanu ndi nsomba asanakule, ndipo wopulumuka amatha zaka 20 kapena 30 asanayambe kuikira. Kupha mmodzi wamkuru ndiko kutaya wotsala mwa mazana ambiri.

Dzikolo linali nalo kale lamulo la 1973 loteteza nyama zimene zatsala pang'ono kutha, motero akuru a nchito anakakamizika kufuna nzeru. M'zaka za m'ma 1990 anakonza citsulo cosongoka coikidwa kutsogolo kwa mutu woyamwa. Cimagwira nchito monga khasu la pulawo ya ng'ombe: cimalowa m'mcenga pang'ono, nicikankha mtumbira wa mcenga patsogolo pace, ndipo mtumbirawo umasuntha fulu kumturutsa m'njira asanafike pakamwa pa mpope. Koma pulawo ikadumpha mumzere silima kanthu, ndipo citsulo ici comweco. Woyendetsa ayenera kusunga mutuwo wokhudza pansi nthawi zonse, ndi kucepetsa mphamvu ya makina asanaunyamule.

Anaikanso sefa wacitsulo pamene matope alowera m'nkhokwe ya combo, ndi mlonda wodziwa za nyama wokhala m'combo momwemo, wopenda zotsalira pa sefayo katundu ali yense akalowa. Nthambi ya boma yoyang'anira nsomba imalemberatu ciwerengero ca afulu amene angafe pa nchitoyo, ndipo ciwerengeroco cikakwanira nchito imaima kufikira akuru atakambirananso. Pamene afulu aculuka, boti la khoka limatsogola, nkuwagwira amoyo ndi kukawataya kutali. Khokalo salikoka nthawi yaitali, popeza fulu apuma mpweya ndipo angathe kumira.

Njira imene inapulumutsa afulu ambiri inali yapafupi kopambana zonsezi, ndiyo kusankha nyengo. Kwa zaka zambiri zombo zoyamwa zinali kuloledwa m'madoko ena a kumeneko m'miyezi yozizira yokha, kuyambira December kufikira March, pamene afulu amacoka kunka ku madzi ofunda. Nzeru yace ndi yomweyo imene boma la Zambia litsekera usodzi pa mitsinje ndi nyanja zambiri kuyambira 1 December kufikira kutha kwa February, nsomba zirikuswana. Mu 2021, pamene akuru a nchito anafuna kukumba doko la Brunswick m'cigawo ca Georgia m'nyengo yotentha imene afulu amadza kudzaikira, woweruza anawaletsa.

Za matope oyandama ziripo njira zace. Angathe kupacika cinsalu cacitali m'madzi kuzinga malo okumbawo, cinkana ico cithandiza pa madzi abata pokha, pakuti mafunde amacikweza. Angathe kuletsa combo kusefukiza madzi a matope nkhokwe ikamadzala. Angathenso kuika zipangizo zoyesa kuda kwa madzi pafupi ndi korali, ndi kulamula kuti nchito iime madziwo akada kupyola muyeso.

Zonsezi ziri bwino pa pepala. Doko la Miami, ku Florida komweko, linakumbidwa kuyambira 2013 kufikira 2015 kuti lilandire zombo zazikuru zodzera mu ngalande ya Panama, ndipo linali ndi cilolezo cokhala ndi malamulo ambiri. Komabe matope anafalikira kutali kopambana m'mene lipoti linanenera. Oyang'anira olembedwa ndi eni nchito anati korali ambiri anafa ndi nthenda imene inabuka nthawi yomweyo, koma akatswiri a boma a za nsomba anapeza korali atakwiririka ndi matope. Mu 2019 akatswiri ena, atapendanso ziwerengero zomwezo, anapeza kuti korali oposa theka la miliyoni anafa cifukwa ca kukumbako. Dziko lolemera, la malamulo okhwima ndi akatswiri oculuka, linadziwa kukula kwa cionongeko nchito itatha kale.

MLANDU WA KU LAMU

Mudzi wa Lamu ndi umodzi wa midzi yakale-kale ya Aswahili, wa nyumba za miyala ndi tinjira topapatiza modzera abulu m'malo mwa magalimoto. Mu 2001 bungwe la UNESCO linaulemba pa mndandanda wa malo a cuma ca anthu onse. Anthu ace ambiri adya za m'nyanja, monga mlimi adya za m'munda.

Boma la Kenya linatsimikiza kumanga doko lalikuru pa mkwasa wa Manda, pa malo ochedwa Kililana, lokhala ndi malo 32 okocezapo zombo, kuti likhale khomo la mseu, njanji ndi mpope wa mafuta zonka ku Ethiopia ndi ku South Sudan. Nchito yonseyi inachedwa LAPSSET. Mwezi wa March 2012 atsogoleri atatu, Mwai Kibaki wa Kenya, Meles Zenawi wa Ethiopia ndi Salva Kiir wa South Sudan, anasonkhana ku Lamu kukatsegulira nchitoyo. Cilolezo ca NEMA ca malo atatu oyamba cinaturuka mu 2014. Owerenga aone zaka ziwirizi: mwambo wotsegulira unatsogola, cilolezo cinatsata pambuyo. Bungwe la boma lopatsidwa lipoti la nchito imene mtsogoleri wa dziko anaidalitsa kale pamaso pa alendo, likhala pa malo opanikiza.

Malo atatuwo anapatsidwa kwa kampani ya ku China, yochedwa China Communications Construction Company. Malo ali onse atalika mamita 400, ndipo madzi ace anayenera kuya mamita 17 ndi theka, ndiko kuya kwa anthu khumi oimirira wina pamutu pa mnzace. Kuti zitero panafunika kudula mikoko, kukumba njira, ndi kukwirira madzi osaya.

Kuti munthu amvetse dandaulo la asodzi ayenera kudziwa mphepo za kumeneko. Caka ca msodzi wa ku Lamu cigawika pawiri. Pa nyengo ya kaskazi, kuyambira ca m'November kufikira March, mphepo imacokera kumpoto ca kum'mawa, nyanja imakhala yofatsa, ndipo ngalawa za matanga zimaturuka kunja. Pa nyengo ya kusi, kuyambira ca m'April kufikira September, imaomba mphepo yamphamvu ya mwera, ndipo ngalawa yaing'ono yopanda injini singalimbe pa nyanja ya poyera. Miyezi yonseyo asodzi amapha nsomba m'mikwasa yobisika kuseri kwa zisumbu. Mikwasa imeneyi iri kwa iwo monga dimba liri kwa mlimi m'cirimwe: pamene munda waukuru sungapatse kanthu, banja lidya za kudimba. Tsono doko linamangidwa m'dimba momwemo. Kuuza msodzi wotere kuti nyanja njaikuru, akaphe kwina, kunali kumuuza kuti apite kumene ngalawa yace singafike.

Anthu ena a ku Lamu anakasuma ku Bwalo Lalikuru la Kenya mu 2012, ndipo gulu la mabungwe a kumeneko lochedwa Save Lamu linaimirira nao. Anatsamira pa malamulo akuru a dziko a 2010, amene apatsa munthu ali yense ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi osaonongeka. Mlandu unatha zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo nthawi yonseyo nchito inali kupitirira.

Pa 30 April 2018 oweruza anai anagamula ku Malindi. Anapeza kuti anthu a ku Lamu sanafunsidwe mokwanira, ndi kuti sanapatsidwe nkhani zimene anayenera kudziwa kuti ayankhe mwanzeru. Anapeza kuti boma linayamba cigawo cimodzi ca nchito lisanapime zotsatira za nchito yonse pamodzi, doko, mseu, mpope ndi mzinda watsopano. Anapezanso kuti malamulo ena olembedwa m'cilolezo comweco sanatsatidwe. Sanaimitse doko ai. Anabweza cilolezo kwa NEMA kuti acipendenso m'kati mwa caka cimodzi, ndi kuti anthu amvedwe bwino-bwino.

Mau olemera kopambana anali a asodzi. Msodzi alibe kalata ya umwini wa madzi, monga mlimi wa pa dziko la mfumu alibe kalata ya munda umene makolo ace anaswa mphanje. Oweruza anabvomereza kuti ufulu wa makolo wopha nsomba pa malo amene mtundu wa anthu wakhala ukuphapo uli cuma ceni-ceni, cimene boma silingalande popanda malipiro. Analamula kuti asodzi 4,600 alipidwe mashilingi a Kenya oposa 1,760,000,000 m'kati mwa caka cimodzi. Zikadagawidwa mofanana, munthu ali yense akadalandira ngati mashilingi 380,000. Ndalamazi zioneka zambiri pozichula pamodzi, koma ndizo mtengo wa malo amene akadadyetsa munthu, ana ace ndi adzukuru ace.

Caka cimodzico cinasanduka zaka zisanu ndi cimodzi. Boma linacita apilo, pambuyo pace panadza kukambirana, kenaka kukangana za maina a m'kaundula, popeza kunamveka kuti ena osagwirapo ukonde analembedwa, ndipo asodzi eni-eni ena anasiyidwa. M'menemo doko linakula. Pa 20 May 2021 mtsogoleri wa Kenya wa nthawiyo, Uhuru Kenyatta, anatsegulira malo oyamba okocezapo, ndipo zombo zinayamba kufika. Asodzi anayamba kulandira ndalama zao mu 2024. Gawo lalikuru linaperekedwa kwa munthu ali yense payekha, ndipo lotsala linasungidwa kuti likonze usodzi wa cigawoco, kuti asodzi akhoze kufika ku madzi akuya. Ena a iwo amene anawerengedwa paciyambi anali atamwalira kale.

Malipirowo anali a asodzi. Za korali, udzu wa pansi pa nyanja ndi afulu a mu mkwasa wa Manda zinatsala m'manja mwa NEMA, ndi mwa malamulo a m'cilolezo cimene oweruza anabweza. Mwa malo 32 olembedwa pa mapu, atatu ndiwo anamangidwa pa cigawo coyambaco, ndipo ali onse otsalawo adzafuna kukumba kwace, lipoti lace ndi misonkhano yace.